Mabelu a ku Hamamatsu ndi Nyanga za ku Tete

Mu mzinda uno wa Lichinga, umene Apwitikizi anaukhazika pamtunda m'chaka cha 1931 nautcha Vila Cabral, ndi umene uli pamwamba ndithu, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimaboola chofunda n'kukafika m'mafupa, kulira kwa chitsulo kumamveka kutali m'mamawa. Belu la ku tchalitchi likalira, amayi a ku Chiuaula amafulumiza ana; kusanache mwazini amakhala ataitana kale Asilamu ndi mawu a pakamwa, pakuti iwo sagwiritsa belu; ndipo mukatsika ndi msewu wa ku Metangula, kapena kulowera cha ku Sanga, mudzapeza kuti pa sukulu zambiri ndi pa nyumba zambiri za mapemphero belu ndi limu ya galimoto yakale kapena chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo, chimene mwana amachimenya ndi chibawuti kapena mwala. Zitsulo zonsezi, cha mkuwa chochokera kutsidya kwa nyanja ndi chadzimbiri chotoledwa ku garaja, ntchito yake ndi imodzi, ndiyo kuitana. Belu likanena mawu ake munthu ayenera kunyamuka, kaya kukapembedza, kaya kukalowa m'kalasi, kaya kukakhuza maliro. Kukhala pansi n'kumvetsera belu chifukwa cha kukoma kwake si mwambo wa kuno.

Komatu pa dziko lapansi pano alipo anthu, ndipo si ochepa, amene amasunga ndalama zaka ziwiri, nakwera ndege kuwoloka nyanja zikuluzikulu atanyamula mabokosi olemera a mabelu, kuti akaime masiku angapo m'holo imodzi ndi anzawo a mitundu ina n'kuimba nyimbo ndi mabeluwo. Msonkhano wawo umatchedwa International Handbell Symposium. Unayamba m'chaka cha 1984 ku Arcata, m'chigawo cha California ku America, ndipo kuyambira pamenepo wakhala ukuyendera maiko mosinthana pakapita zaka ziwiri zilizonse: unakafika ku Liverpool mu 2012, ku chilumba cha Jeju ku Korea mu 2014, ku Vancouver mu 2016, ku Cairns ku Australia mu 2018, wa 2020, umene anakonza kuchitira ku Hong Kong, unasokonezeka ndi mliri wa Covid-19, kenaka unabwerera ku America, ku Nashville, mu 2022, ndipo mu 2024 unachitikira ku Hamamatsu, ku Japan. Mabungwe amene amausamala ndi a ku America, Britain, Japan, Korea, Canada, Australia ndi New Zealand, Hong Kong ndi Singapore. Werengani maina amenewa kawiri, ndipo mudzaona chimene chandigwiritsa cholembera: dziko la mu Africa mulibemo ngakhale limodzi.

Belu lam'manja limene anthu amenewa amaimba si lija la mphunzitsi wamkulu, limene lilime lake limangogunda mbali iliyonse mwaphokoso. Amaliumba ndi mkuwa wosakaniza ndi tini, pafupifupi magawo anayi a mkuwa pa gawo limodzi la tini, nalipala pa makina mosamala kwambiri kufikira litatulutsa liwu limodzi lenileni la pa do re mi. Lilime lake analimanga kuti liziyenda njira imodzi yokha, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kamene kamaligwira n'kotanuka, kotero kuti likamenya kamodzi limabwerera pang'ono n'kuusiya mkuwawo ulire wokha. Chogwirira chake n'chachikopa kapena chapulasitiki, ndipo oimba ambiri amavala magolovesi, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa mkuwa.

Chiyambi chake chili m'nsanja za matchalitchi a ku England. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1600, anthu anapeza luso lofuna nzeru ndi mphamvu pamodzi: amuna angapo amaima mozungulira, aliyense atagwira chingwe cha belu lake lalikulu, naliza mabeluwo motsatizana, koma mzere uliwonse akusintha ndondomeko yake, osabwereza imene aimba kale. Fabian Stedman analemba malamulo a luso limeneli m'buku lotchedwa Campanalogia m'chaka cha 1677. Odziwa masamu amatiuza kuti mabelu 7 angasanjidwe m'njira 5,040, ndipo kuti gulu limalize zonsezo popanda kuphonya pamapita maola ngati atatu, popanda pepala patsogolo, zonse za pamtima. Tsono kuphunzira zotere usiku ndi usiku m'nsanja yozizira, mudzi wonse ukumva zolakwa zanu n'kulephera kugona, sikunali kwapafupi. Abale awiri, Robert ndi William Cor, a m'mudzi wa Aldbourne m'boma la Wiltshire, ndiwo amene pakati pa 1696 ndi 1724 anayamba kuumba timabelu tam'manja tochunidwa bwino, ndipo oliza mabelu a m'nsanja anatilandira ndi manja awiri kuti aziphunzirira m'nyumba pafupi ndi moto. Chida chophunzirira chija m'kupita kwa nthawi chinasanduka choimbira pachokha, anthu atazindikira kuti ndi timabelu tomweto angaimbe nyimbo za Khirisimasi ndi za m'tchalitchi.

Ku America luso limeneli linaoneka m'zaka za m'ma 1840, pamene P. T. Barnum, mwini zionetsero, anatenga gulu la oimba a ku Lancashire nawaveka zovala za ku Switzerland kuti akope anthu. Koma amene analibzala kuti limere mizu ndi mayi wa ku Boston, Margaret Shurcliff, amene mu 1902 anapatsidwa mphatso ya mabelu 8 ndi mkulu wa Whitechapel Bell Foundry ku London, nyumba ya oumba mabelu imene inaumbanso Big Ben. Bungwe la ku America linakhazikitsidwa mu 1954, la ku Britain mu 1967, la ku Japan mu 1976. Nyumba ya Whitechapel ija, imene mbiri yake imayambira mu 1570, inatseka zitseko zake mu 2017, ndipo lero mabelu ambiri am'manja amachokera ku makampani awiri a ku Pennsylvania, Schulmerich ndi Malmark.

Koma chimene ndifuna kuti owerenga achigwiritsitse ndi kaimbidwe kake, pakuti m'menemo ndimo muli nkhani yonse. Woimba limba ali ndi mawu onse pansi pa zala zake. Woimba gitala chimodzimodzi. Ndipo mu kwaya ya mawu a pakamwa, mayi mmodzi wa alito akagwidwa ndi chifuwa, anzake amamukwirira, nyimbo n'kupitirira. Mu kwaya ya mabelu sizitero ayi. Mabelu 37, kapena 61 kwa gulu lalikulu, amayalidwa pa matebulo ofundidwa ndi siponji ndi nsalu, kuyambira aang'ono amene mwana angafumbate kufikira akuluakulu olemera makilogalamu angapo, ndipo anthu 11 kapena 13 amagawana. Aliyense amalandira mawu awiri okha, limodzi kudzanja lamanja, lina kumanzere, pamodzi ndi oyandikana nawo amene amafunika mwa apo ndi apo. Nyimbo ikayamba, munthuyo amawerenga mumtima, maso ali pa pepala ndi pa dzanja la woimbitsa, kudikira kufikira liwu lake litafika. Pamenepo amatambasula mkono mozungulira kuti belu lilire, ndipo nthawi yake ikatha amaligunditsa pa phewa kuti likhale chete, mnzake alandire. Akachedwa pang'ono nyimbo yatsimphina. Akadwala osabwera, pamene panali mawu ake pamatsala chibowo chimene palibe wochitseka. Palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene angapite kunyumba n'kukaimbira ana ake nyimboyo, pakuti iye alibe nyimbo, ali ndi zidutswa zake chabe. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa zoimbira zonse za Azungu ichi ndicho chimene chimavomereza mwambiwu kuposa zinzake.

Tiyerekeze tsono kuti mnyamata kapena mtsikana wa kwaya ya kuno wafuna kukakhala nawo pa msonkhano ngati wa ku Hamamatsu uja. Ayenera kuyamba ndi ulendo wa ku Maputo, makilomita oposa 2,000 pamsewu, kukapempha chilolezo ku ofesi ya kazembe wa Japan. Kuchokera uko ndege ya ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, kenaka ina ya usiku ndi usana kufikira ku Tokyo, ndipo potsiriza sitima yapamtunda yaliwiro ija ya Shinkansen. Akafika adzapeza holo yaikulu yodzaza ndi mizere ya matebulo, gulu lililonse pamalo pake, anthu mazanamazana, ena ana a sukulu, ena agogo a imvi zawo. Nyimbo zoimba onse pamodzi zimadziwika miyezi yambiri msonkhano usanafike, kuti gulu lililonse liphunzire kwawo. Mabungwe a maiko aja amabweretsa nyimbo zawo ndi oimbitsa awo, ndipo tsiku ndi tsiku amazikonza pamodzi, omasulira akuthandiza pamene chinenero chalephera. Pakati pa zimenezi pamakhala makalasi, ena a kugwira mabelu awiri m'dzanja limodzi, ena a kumenya belu ndi kamtengo kofewa kunsonga kapena kuligunditsa pa siponji kuti lilire mofupika, enanso a miyambo ya eni dziko. Magulu amaimbirananso limodzi ndi limodzi kuti aonetsane luso. Ndipo tsiku lomaliza onse pamodzi amaimbira anthu a mumzinda. Eni msonkhanowu amati cholinga chawo ndi kumvana kwa mitundu ndi mtendere, ndipo ife a ku Niassa, amene tinaona nkhondo kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi inanso yowawa koposa kufikira pangano la ku Roma la 1992, si ndife oti tingapeputse mawu otere.

Chovuta chachikulu m'holo yotereyi mlendo wathu sangachiganizire asanachione. Liwu limayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kuwala, kotero kuti woimba amene waima kumapeto kwa holo akadikira kuti amve mnzake wa kutsogolo, amakhala atachedwa kale. Lamulo tsono ndi lakuti usakhulupirire khutu, khulupirira diso; yang'ana dzanja la woimbitsa, ndipo umenye pamene latsika, ngakhale makutu akukuuza zina. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa pamenepa ndi pamene njira yawo isiyanirana ndi yathu.

Ndati yathu, pakuti tisaganize kuti belu linafika kuno ndi Azungu. Monga m'buku la Eksodo timabelu tagolide tinasokedwa m'mphepete mwa mwinjiro wa Aroni kuti kulowa kwake m'malo opatulika kumveke, momwemonso makolo a m'chigawo chino anali ndi mabelu awo a ulemu. Pa Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, ofukula za makedzana m'zaka za m'ma 1960 anapeza mabelu achitsulo m'manda a anthu olemekezeka, ndipo enanso anapezeka ku Great Zimbabwe. Anali osulidwa ndi nyundo, zipande ziwiri zolumikizidwa m'mbali, opanda lilime, omenyedwa ndi kamtengo, ndipo anali chizindikiro cha ufumu. Kuno kwathu konkuno, Yohana Barnaba Abdallah, wansembe wachiyao amene anatumikira zaka zambiri pa Unangu, mtunda wosatalika kuchokera ku Lichinga, analemba m'buku lake la mbiri ya Ayao la 1919 za Achisi, osula makasu ndi nkhwangwa, amene malonda awo ndiwo anatsegula njira zakutali za mtundu wawo. Anthu odziwa ng'anjo ndi mvukuto sanali alendo ku kulira kwa chitsulo.

Belu lamkuwa la m'nsanja ndilo linadza ndi amishoni. William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anafika kwa Mataka ku Mwembe mu 1880, natsikira ku nyanja mu 1882. Pa Likoma anakhazikapo mishoni mu 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene mwala wake woyamba unaikidwa mu 1903, chinapatulidwa mu 1911. Kutsidya lino kunamera Messumba, mishoni ya Bartolomeyo Woyera, imene inaphunzitsa ana ambiri a m'mphepete mwa nyanja, ndipo kummwera ansembe a Consolata anamanga Massangulo mu 1928. M'malo onsewa kwaya inakula ndi kubala zipatso zimene tikudya mpaka lero, koma belu linatsala pa udindo wake woitana. Abale athu amene anapita kukagwira ntchito ku Harare, ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town ndiwo anakhala pafupi ndi nsanja zimene mabelu amalizidwa mosinthasintha ndondomeko monga ku England kuja.

Nanga luso lija la anthu ambiri kugawana nyimbo imodzi, aliyense mawu awiri kapena atatu, kodi n'lachilendo kwa ife? Amene akuti inde apite ku Tete, kwa Anyungwe, akaone gule wa nyanga. Amuna makumi awiri, nthawi zina makumi atatu kapena kuposa, amaima m'bwalo lozungulira, aliyense atagwira timabango kapena tinsungwi tiwiri, titatu kapena tinayi tomangidwa pamodzi, totseka kunsi, tina tatifupi tolira motsetsereka m'mwamba, tina tatitali tolira mobangula. Gawo lililonse lili ndi dzina lake, monga pakira ndi kabombo, ndipo lili ndi malo ake m'nyimbo amene wina sangalowemo. Munthu amauzira liwu limodzi, kenaka amatulutsa lina ndi m'mero mwake, nauziranso, ndipo m'mipata imene iye wasiya ndi mmene mnzake amaikamo mawu ake; pamene akuchita zimenezi miyendo yake, yomangidwa maseche, ikuponda sitepe imene kawirikawiri siyendera limodzi ndi zimene pakamwa pakuchita; ndipo pamwamba pa zonsezo amayi akuimba. Mutatenga mmodzi wa iwo n'kumuimika payekha, mungamve timawu tiwiri titatu tongobwerezabwereza, topanda mutu. Koma bwalo lonse likagwirana pamatuluka nyimbo yothithikana, yokhala ngati limba lalikulu la m'tchalitchi, imene palibe pakamwa pamodzi pamene paiimba yonse.

Ichi ndicho chimene oimba a ku Liverpool ndi a ku Hamamatsu amachita ndi mkuwa, ndipo ndinena mosaopa kuti a ku Tete amachita chovutirapo. Iwo alibe pepala, alibe woimbitsa woima kutsogolo, alibe tebulo. Chimene chimawagwirizanitsa ndi khutu ndi phazi, ndipo bwalo lozungulira lija, limene munthu aliyense ali pafupi ndi mnzake, ndilo limene limathetsa vuto lija la kuchedwa kwa liwu. Woimba belu amaphunzira kuwerenga kuti adziwe pamene alowere. Woimba nyanga amaphunzira kumva pamene mnzake watulukira. Sindinena izi kuti ndichepetse luso la eni mabelu, pakuti nyimbo zawo n'zazitali, zosinthasintha, zofuna maso akuthwa ndi mkono wophunzitsidwa, pamene ya nyanga imazungulira pa mzere umodzi waufupi kuti anthu aukongoletse mmene angathere. Ndingonena kuti mzimu wake ndi umodzi, ndi kuti mwana wokulira pa bwalo la nyanga sangavutike kumvetsa chifukwa chake munthu wamkulu angakondwere ndi mawu awiri okha.

Ndipo si ku Tete kokha. Pakati pa Ayao a kuno, mangolongondo, zipika zoyalidwa pa mitengo iwiri ya nthochi, amaimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata ya mnzake mofulumira kwambiri mwakuti khutu limamva nyimbo imene palibe mwa awiriwo akuimenya yekha. Ndipo anyamata ankaphunzira luso limeneli ku dindiro, polondera chimanga kuti anyani asachithe. M'mphepete mwa nyanja, ku Lago ndi pa Likoma, muli mganda, umene unabadwa pamene makolo athu anaona mabandi a asilikali m'nyengo ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo posowa malipenga amkuwa anatenga zikho naziika kansalu ka kangaude, navala zoyera, nakonza maboma awo okhala ndi mafumu ndi akapitawo, amene amayenderana mudzi ndi mudzi kukapikisana ndi kudyera pamodzi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma eni mudzi ndiwo amadziwa pometa.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza mtima ndikachiganizira. Chaka chomwe chija cha 1954, pamene a ku America ankakhazikitsa bungwe lawo la mabelu, Hugh Tracey anakhazikitsa ku South Africa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music, imene mu 1978 inasamukira ku Grahamstown, mzinda umene lero ukutchedwa Makhanda. Ndipo tchalitchi chachikulu cha mumzinda womwewo ndicho chinapachika mabelu 8 oimbira mosinthasintha kalekale mu 1879. Mwana wa Hugh Tracey, Andrew, analemba za gule wa nyanga mu 1971, atakhala ndi oimba a ku Tete ndi kulemba gawo lililonse papepala. Ndipo mu 1992 katswiri wa ku Malawi, Moya Aliya Malamusi, analemba za gulu la nyanga la Sakha Bulaundi. Tiyamike anthu amenewa. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti mphunzitsi wa ku Lichinga kapena wa ku Moatize amene akufuna kuphunzitsa ana ake magawo a nyanga angawapeze msanga m'mabuku a ku Makhanda kusiyana ndi m'kabati ya pa sukulu pake.

Apa ndi pamene eni mabelu atiposera, ndipo tiyenera kuvomereza popanda manyazi. Iwo ali ndi mabungwe amene amakumana pa nthawi yake, chaka chabwino kapena choipa. Ali ndi amisiri amene amachuna zoimbira pa muyeso umodzi, kotero kuti belu la ku Korea ndi la ku Canada zikakumana zimamvana. Ali ndi olemba nyimbo ndi ozisindikiza. Ndipo koposa zonse anaika chida chawo m'manja mwa ana a sukulu, mwa okalamba, ngakhale mwa olumala, pakuti amene sangathe kugwira limba angathe kugwira belu limodzi n'kukhala wofunika m'nyimbo monga wina aliyense. Ife tili ndi chuma, UNESCO inavomereza zimenezi mu 2005 pamene inalemekeza Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi ndi timbila za Achopi. Koma chuma chathu chambiri chili m'mitu ya anthu, ndipo nkhondo, njala ndi ulendo wa kutauni zikabalalitsa bwalo, gawo limodzi likatayika, nyimbo yonse imatsala ndi chibowo chija.

Mzinda wa Hamamatsu womwewo uli ndi nkhani yoyenera kuimva. M'chaka cha 1887 munthu wina wokonza mawotchi ndi zipangizo za kuchipatala, Torakusu Yamaha, anaitanidwa kukakonza kalimba kopopa ndi mapazi ka pa sukulu ina ya mumzindamo, kochokera ku America. Atakatsegula n'kuona mmene kanapangidwira, anatsimikiza mtima kupanga kake. Lero dzina lake lili pa makiyibodi a m'matchalitchi athu ndi pa mainjini a maboti a ku Metangula. Belu lam'manja linali lachilendo kwa Ajapani ndi kwa Akoreya monga lilili kwa ife, koma iwo sanalione ngati la eni ake; analitenga, naliphunzira, naliimbitsa nyimbo za kwawo, ndipo tsopano a ku England amawoloka nyanja kukaimba pansi pa dzanja la woimbitsa wa ku Japan.

Kodi tsono mipingo ndi sukulu za ku Niassa zigule mabelu? Mtengo wake ndi wowawa: mabelu 37 atsopano amaposa madola 10,000 a ku America, osawerengera matebulo, msonkho ndi ulendo, ndipo m'chigawo chimene sukulu zina zikusowa madesiki sindingalimbe mtima kuuza dayosizi kapena sinodi kuti ndalama zotere zipite kumeneko. Zilipo zoimbira zotsika mtengo, timipope ta aluminiyamu tong'ambidwa kunsonga tokhala ndi kanyundo kake, timene timaimbidwa mofanana ndi mabelu, ndipo mpingo wa kunja ukafuna kupereka mphatso yotere tiilandire ndi kuwomba m'manja, malinga pabwerenso munthu wophunzitsa ndi kukhala nafe nyengo yokwanira, chifukwa chida chopanda mphunzitsi chimathera m'bokosi ku nyumba ya abusa. Koma bango ndi nsungwi zimamera m'madambo mwathu, ndipo mphunzitsi wa kwaya amene angagawire ana makumi awiri timabango tochunidwa pa do re mi, mwana aliyense tiwiri, adzakhala atawapatsa phunziro lenileni la kwaya ya mabelu popanda kutulutsa metikali imodzi.

Ndipo kutali kwa Lichinga kusatifooketse mopitirira. Gulu la Massukos linachokera mumzinda muno n'kukaimba ku Ulaya nyimbo za Chiyao ndi Chinyanja zophunzitsa za madzi abwino ndi ukhondo, ndipo mtsogoleri wake, Feliciano dos Santos, analandira mphoto ya Goldman mu 2008. Mu 2016 njanji ya ku Cuamba inayambanso kuyenda, ndipo mu 2018 chigawo chino chinalandira Festival Nacional da Cultura, pamene magulu a m'zigawo zonse za Mozambique anadzaza misewu yathu. Tinaonetsa pamenepo kuti kulandira alendo ambiri timatha. Chimene ndikupempha a zachikhalidwe m'boma, a bungwe lofufuza za chikhalidwe la ARPAC ndi aphunzitsi a ku Universidade Rovuma n'chakuti pakati pa zikondwerero zikuluzikuluzo pakhale kukumana kwakung'ono kokhazikika, kwa oimba nyanga a ku Tete, a mangolongondo a kuno, a mganda a ku Lago ndi a pa Likoma, ndi anzawo a ku Malawi ndi ku Zambia, kumene cholinga si kupikisana koma kuphunzitsana magawo ndi kuwalemba m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chinyungwe.

Msonkhano wa mabelu wa 2026 anaupereka ku Aberdeen, ku Scotland, mzinda umene anabadwira Robert Laws mu 1851, yemwe uja anali m'gulu lobweretsa sitima ya Ilala pa nyanja yathu mu 1875, itanyamulidwa zidutswazidutswa pa mapewa a anthu mazana ambiri kulambalala mathithi a Shire. Katundu wolemera chotere anabwera kuno kuchokera ku Britain. Wobwerera naye ndi wopepuka, pakuti nyanga za anthu makumi awiri zingalowe m'zikwama ziwiri. Misonkhano imeneyi ili ndi makalasi a miyambo ya mitundu, ndipo ndikhulupirira kuti anthu amene ataya moyo wawo wonse akuphunzira kudikira liwu lawo angakhale oyamba kuzindikira chimene chikuchitika m'bwalo la Anyungwe, ndi kupempha kuti awaimike pakati pa pakira ndi kabombo ayeseko okha. Mabungwe aja ali ndi alembi ndi makeyala odziwika. Kalata yochokera kwa mkulu wa zachikhalidwe ku Tete kapena ku Lichinga, kapena kwa bishopu, yotumizidwa pamodzi ndi kanema wa gule wojambulidwa bwino, ingafike kumeneko tsiku lomwelo, ndipo msonkhano wina umakhala ukubwera pakapita zaka ziwiri.